Mwala wakuda wolemera: yesani nokha musanautche coltan

Funso ili landifika kambirimbiri, moti ndaona kuti ndingolemba kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera pano. Munthu watola mwala wakuda wonyezimira, kaya polima fodya ku Chamama, kaya posefa mchenga wa golide mumtsinje wa Dwangwa, kaya pokumba chitsime ku Chulu. Waujambula uli pachikhatho n'kunditumizira pa WhatsApp: "Akulu, kodi imeneyi si coltan?" Chithunzi sichingayankhe funso limeneli. Miyala yakuda yonyezimira ilipo yamitundumitundu kuno ku Kasungu, ndipo pachithunzi yonse imafanana. Chimene chimailekanitsa ndi mayeso, ndipo ambiri mwa mayesowo mungachite nokha pakhonde osalipira munthu.

Zimandiwawa kuona bambo atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya ku Lilongwe, atasenza thumba la miyala imene maginito a wayilesi akanamuuza ali pakhomo kuti ndi chitsulo wamba. Zimandiwawanso kuona mayi akupereka mwala weniweni kwa venda pamtengo wa sopo chifukwa sadziwa chimene wagwira.

Tiyambe ndi dzina. Coltan ndi chidule cha miyala iwiri ya banja limodzi, columbite ndi tantalite. Mu columbite mwachuluka chitsulo cha niobium, chimene amasakaniza ndi chitsulo wamba kuti chilimbe. Mu tantalite mwachuluka tantalum, imene imalowa m'tizipangizo tosunga magetsi ta m'mafoni ndi m'makompyuta, ndipo ndiyo imakweza mtengo. Dziko lodziwika kwambiri ndi mwalawu ndi DR Congo, komanso Rwanda. Musasokoneze ndi zimene mumamva pawayilesi za miyala yamtengo wapatali imene inapezeka ku Kanyika ku Mzimba kapena ku Kasiya ku Lilongwe. Niobium wa ku Kanyika ali m'mwala wina wotchedwa pyrochlore, timbewu ting'onoting'ono tomwazikana m'thanthwe. Rutile wa ku Kasiya, mwala wa chitsulo china chotchedwa titanium, ali ngati mchenga m'dothi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 alionse a dothi. Kukhala pafupi ndi malo amenewa sikusandutsa mwala wanu kukhala coltan.

Zida zake n'zosavuta: mswachi wotha ntchito, hamala, maginito ochotsa m'sipika ya wayilesi yakufa, chidutswa cha tayilosi choyera kuseri, mpeni kapena msomali, phale la botolo, kamwala ka nsangalabwi, ulusi wosokera, kapu yopepuka ya pulasitiki yoonekera mkati, ndi sikelo yaing'ono ya mabatire, ija amagwiritsa ntchito ogula golide. Sikeloyo ndiyo ingakuvuteni kupeza. Bwerekani ngati n'kotheka, pakuti popanda iyo gawo lofunika kwambiri simulichita.

1. Dziwani pamene mwautola

Musananyamule mwala, yang'anani anzake. Coltan amabadwira m'mitsempha ya miyala imene akatswiri amaitcha pegmatite. Mungaizindikire chifukwa zonse za m'menemo n'zikuluzikulu: nsangalabwi woyera m'zigumukire, mwala wina woyera kapena wofiirira pang'ono wosweka mosalala wotchedwa feldspar, ndi mica, uja wosendeka mapepala owala. Migodi ya ku Mzimba ya aquamarine, mwala uja wokongoletsera, ili m'miyala ya mtundu umenewu. Ngati mwala wanu wachokera pamalo otere, kapena mumtsinje kumunsi kwake, ndi bwino kuupima mosamala. Ngati mwautola pakati pa dambo pamene palibe ngakhale nsangalabwi, upimeni ndithu koma mtima uli m'malo. Lembani m'kope mudzi, mtsinje, kuya kwake ndi miyala imene inauzungulira.

2. Tsukani, kenaka swani kachidutswa

Kunja kwa mwala kumanama, chifukwa dzimbiri ndi dothi la katondo zimapaka miyala yonse mtundu umodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Utsukeni ndi mswachi, uume, ndipo muukulunge m'chisanza n'kubenthulako pang'ono ndi hamala. Chisanzacho n'choteteza maso anu ku tizibenthu.

Yang'anani posweka patsopanopo padzuwa. Coltan amakhala wakuda bii kapena wakuda mofiirira, wowala ngati chitsulo koma osati kwambiri, ndipo amasweka mosalongosoka. Pano mutha kutaya kale miyala ingapo.

Mukaona timabowo ta mpweya mkati, ndipo kunja kukuoneka ngati chinthu chimene chinasungunuka n'kuyenderera, dziwani kuti mwatola zotsalira za m'ng'anjo. Makolo athu kuno ku Kasungu ankasungunula chitsulo, ng'anjo zawo zakale zikadalipo ku Chulu ndi m'nkhalango ya Kasungu National Park, ndipo zotsalirazo zamwazika m'minda yambiri. Zimenezi ndizo zimapusitsa anthu ambiri kuno kwathu. N'zakuda, n'zolemera, zimawala, koma si mwala wa m'nthaka ayi.

Mwala wautali ngati ndodo, wa mizeremizere m'litali mwake, umene ukathyoka pakati umaoneka wa ngodya zitatu zobulungira, ndi tourmaline wakuda. Amapezeka m'mitsempha yomweyo ya pegmatite, ndipo ndi wochuluka kuposa coltan kutalitali. Wobulungira wa nkhope zambiri, umene kachibenthu kake kamafiira mukakaloza kudzuwa, kawirikawiri ndi garnet.

3. Maginito

Ikani maginito m'kajumbo kuti fumbi lachitsulo lisawamatirire, ndipo muwayandikize. Mwala ukadumpha n'kukakamira, ndi magnetite, mwala wa chitsulo wamba. Nkhani yathera pomwepo. Ukangokoka mofooka, makamaka mukauphwanya kukhala timiyala ting'onoting'ono, ganizirani za ilmenite, mwala wina wakuda wa chitsulo wamba ndi titanium. Coltan sakakamira ku maginito a sipika. Chenjezo limodzi: maginito ang'onoang'ono amphamvu kwambiri, aja a m'kompyuta, amatha kugwedeza timbewu ta coltan pang'ono, choncho musataye mwala chifukwa cha kugwedezeka kwa chotere.

4. Khwekhwezani pa tayilosi

Tembenuzani tayilosi, mugwiritse ntchito kuseri kosawala. Ngati mulibe, mkombero wa pansi pa kapu yadothi ya tiyi umagwira ntchito yomweyo. Khwekhwezani mwala mwamphamvu posweka patsopano paja, ndipo mufalitse ufawo ndi chala kuti mtundu wake uoneke bwino. Ufa wa mwala sunama ngati mmene khungu lake limachitira.

Coltan amasiya mzere wakuda mofiirira, nthawi zina pafupifupi wakuda, koma mukaufalitsa kufiirako kumaoneka. Hematite, mwala winanso wa chitsulo wamba, amasiya mzere wofiira ngati katondo. Magnetite ndi ilmenite amasiya wakuda. Rutile amasiya wotuwa mwachikasu kapena wa khofi wopepuka, ngakhale mwalawo utakhala wakuda. Tourmaline ndi garnet sasiya mzere wamtundu, amangokanda tayilosi n'kutulutsa ufa woyera wa tayilosiyo. Anthu ambiri amalakwitsa pokhwekhweza mbali ya dzimbiri, ndiye mwala uliwonse umawapatsa mzere wofiira.

5. Kulimba

Apa tisachedwepo. Chikhadabo chili pa 2.5 pamuyeso wa kulimba kwa miyala, mpeni ndi galasi la botolo pafupifupi 5.5, nsangalabwi 7. Coltan ali pa 6. Ndiye kuti mpeni sumukanda bwinobwino, iye amakanda botolo movutikira, koma nsangalabwi amamukanda. Pukutani mkandowo ndi chala chonyowa, chifukwa nthawi zambiri chimene mukuona ndi chitsulo cha mpeni chimene chatsalira pamwala. Mwala wofewa woti mutha kulembera papepala, woterera m'manja, ndi graphite. Wowala ngati siliva, wolemera kwambiri, wofewa ku mpeni ndipo wosweka timabokosi, ndi galena, mwala wa mtovu. Mukaugwira umenewo sambani m'manja musanadye.

6. Kupima kulemera kwake m'madzi

Gawo ili ndilo ambiri amalidumpha. Amangouponyaponya mwala m'manja n'kunena kuti "ukulemera ndithu." Dzanja limadziwa kuti mwala ndi wolemera kuposa nsangalabwi, koma silingalekanitse mwala wa 4.7 ndi wa 6.5, pamene ndalama yonse yagona pakati pa manambala awiriwo. Chimene tikufuna ndi nambala yonena kuti mwala wanu ukulemera kangati kuposa madzi ofanana nawo kukula. Akatswiri amaitcha specific gravity, ndipo kuipeza sikulira labotale.

Sankhani chidutswa choyera, chopanda nsangalabwi kapena dothi lomatirira, chopanda ming'alu ndi mabowo, chachikulu ngati nsonga ya chala chachikulu. Chikhale chouma. Ikani sikelo patebulo losagwedera, m'nyumba mopanda mphepo. Pimani mwalawo ndi kulemba nambala. Imeneyo ndi nambala yoyamba.

Tsopano chotsani mwala, thirani madzi m'kapu okwanira kumiza mwalawo, ndipo ikani kapu pasikelo. Samalani apa: masikelo ang'onoang'ono ambiri amalekezera pa magalamu 200 kapena 500, ndipo malire akewo amalembedwa pasikelo pomwepo. Kapu yagalasi yodzaza madzi imapitirira malirewo, sikelo n'kuyamba kuonetsa zachabechabe. N'chifukwa chake ndinati kapu yopepuka. Botolo la madzi akumwa lodula pakati limakwanira. Dinani batani lolembedwa TARE kuti sikelo ibwerere pa ziro kapu ili pomwepo.

Mangani mwala ndi ulusi wosokera, osati chingwe chokhuthala. Gwirani ulusi, tsamiritsani chigongono patebulo, ndipo tsitsani mwala pang'onopang'ono mpaka umire wonse. Ulendewere pakati pa madzi, osakhudza pansi, osakhudza m'mbali, osatulukira pamwamba. Ngati dzanja likunjenjemera, mangani ulusiwo ku kamtengo kopingasa pa mabuku awiri kapena njerwa ziwiri zoimika uku ndi uku, bola zisakhudze sikelo. Nambala ikakhazikika, ilembeni. Imeneyo ndi yachiwiri.

Mwina mukudabwa kuti sikelo ikuwerenga chiyani pamene mwala uli pa ulusi. Ikuwerenga kulemera kwa madzi amene mwala wawakankha kuti upeze malo. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho nambala yachiwiriyo ikukuuzani kukula kwa mwala wanu.

Tengani kakyuleta ya pafoni, mugawe nambala yoyamba ndi yachiwiri. Tiyerekeze mwala wouma walemera magalamu 41.6, m'madzi sikelo yaonetsa 6.5. Mukagawa mupeza 6.4, ndipo mwala wotero ndi woti muusunge bwino. Koma ngati mwala wa magalamu 41.6 omwewo waonetsa 13.2 m'madzi, mupeza 3.15, ameneyo ndi tourmaline basi, ngakhale atawala chotani.

Nazi zimene zimaononga mayesowa, ndipo ndikupemphani muziwerenge kawiri.

Mwala ukakhudza pansi pa kapu, sikelo imanyamula kulemera kwa mwalawo, nambala yachiwiri n'kukwera, yankho n'kutsika kufika cha ku 1 kapena 2. Mukapeza yankho lotero pamwala wolemera, bwerezani.

Timibulu ta mpweya tikamatirira pamwala kapena pamfundo ya ulusi, timakulitsa nambala yachiwiri. Nyowetsani mwala kaye m'kapu ina, muugwedeze pang'ono, kenaka muumize. Koma nambala yoyamba ija muitenge mwala usananyowe.

Mwala wosakanikirana umanamiza kuposa zonse. Ngati theka lake ndi tantalite wa 6.4 ndipo theka lina ndi nsangalabwi wa 2.65, yankho limatuluka cha pa 4.5, inu n'kuutaya poganiza kuti ndi ilmenite. Benthulani choyeracho mpaka patsale chakuda chokhachokha, ngakhale chidutswa chichepe.

Sikelo yolakwika ndi kamwala kakang'ono zikakumana, palibe chimene mwapima. Sikelo ya kukhitchini imene imawerenga galamu imodziimodzi, mukaipatsa kamwala ka magalamu 12, m'madzi imangosinthasintha pakati pa 2 ndi 3. Ikanena 2, yankho ndi 6, coltan. Ikanena 3, yankho ndi 4, garnet. Mwaona? Sikelo yotere igwiritseni ntchito pamwala wa magalamu 150 kupita m'mwamba. Kamwala kakang'ono kamafuna sikelo yowerenga mpaka 0.01. Sikelo yokoleka ya mavenda a soya ndi mtedza isayandikire n'komwe.

Ndipo musanakhulupirire manja anu, yesani kaye ndi zinthu zodziwika. Kamwala ka nsangalabwi koyera kazikupatsani pakati pa 2.6 ndi 2.7. Bawuti yachitsulo izikupatsani cha pa 7.8. Ziwirizi zikatuluka bwino, ndiye kuti sikelo ili bwino ndipo inunso mwaidziwa ntchito. Pimani mwala wanu katatu, mukuumitsa nthawi iliyonse, ndipo mayankho atatuwo asatalikirane.

Kwa amene ali ndi mchenga wakuda wotsalira m'beseni posefa golide, ulusi sungamange mchenga. Yambani mwadutsitsamo maginito, muona kuti wambiri unyamuka. Wotsalawo uumitseni, muupime, ndipo muuthire m'sirinji ya mamililita 10 yotseka kukamwa, mmene mwathira kale madzi mpaka pa 5. Gogodani kuti mpweya utuluke, werengani mmene madzi akwerera, n'kugawa chimodzimodzi. Yankho lake ndi longokupatsani chithunzithunzi, chifukwa mchenga wotero umakhala wosakaniza miyala ingapo.

7. Kuwerenga nambala yanu

Pansi pa 3.3 ndi tourmaline kapena miyala ina yakuda wamba. Kuyambira 3.5 mpaka 4.3 ndi dera la garnet, ndipo zotsalira za m'ng'anjo zimagweranso cha pomwepa kapena kutsikirapo. Rutile amakhala pa 4.2 kapena 4.3, ilmenite cha pa 4.7. Pakati pa 5.0 ndi 5.3 ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa magnetite, hematite ndi columbite wopanda tantalum wambiri amakumana pamenepa. Apa maginito ndi mzere wa pa tayilosi ndizo ziweruze.

Kupitirira 5.5, mwala uli wakuda, wosakakamira ku maginito, wosakandika ndi mpeni, mzere wake wakuda mofiirira, muli ndi chifukwa chabwino choganizira coltan. Banja limeneli limayambira cha pa 5.2 mpaka cha pa 8, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti tantalum akuchuluka. Pali miyala ina iwiri yolemera chonchi. Cassiterite, mwala wotulutsa chitsulo cha tin, ali cha pa 7, koma mzere wake ndi woyera kapena wotuwa. Wolframite ali pa 7 mpaka 7.5, koma mpeni umamukanda ndipo amang'aluka mosalala mbali imodzi. Iwirinso ndi miyala yamalonda, musaitaye.

Mayeso amodzi paokha asakupangitseni chiganizo. Anayi onse, maginito, mzere, kulimba ndi kulemera, agwirizane.

8. Mwala ukapambana mayeso onse

Mayeso apakhondewa amakuuzani kuti mwala ndi woyenera kupita nawo kwa akatswiri. Kuchuluka kwa tantalum weniweni kumadziwika ndi makina, monga aja otchedwa XRF. Gawani mwala patatu: gawo limodzi lopita kukayezetsa, lina losunga inu, lina losungitsa kwa munthu amene mumamudalira. Musapereke zonse kwa munthu amene wati "ndikakuyezetserani ku tauni." Nthambi ya boma yoona za miyala, Geological Survey Department, likulu lake lili ku Zomba, ndipo ndiko koyambira kufunsa. Pitani ndi kope lanu lija, muli malo, manambala awiri aja ndi mtundu wa mzere.

Sungani mwalawo m'chitini kunja kwa chipinda chogona. Miyala ya banja ili nthawi zina imakhala ndi uranium ndi thorium pang'ono, zitsulo zotulutsa cheza choopsa ku thupi, choncho si yoika pansi pa pilo, si yonyambita, si yosinja mumtondo wa chakudya, ndipo ana asaseweretse ufa wake.

Malamulo nawonso muwadziwe musanagwire khasu. M'dziko muno miyala ya pansi pa nthaka si ya mwini munda, ndi ya dziko, ndipo lamulo la Mines and Minerals Act la 2023 limafuna chiphaso pofufuza, pokumba ndi pochita malonda a miyala. Ziphasozo zimayendetsedwa ndi bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority. Chilolezo cha afumu n'chofunika paulemu ndi pamtendere wa pamudzi, koma sichilowa m'malo mwa chiphaso. M'nkhalango ya Kasungu National Park musayerekeze kukumba kapena kutola. Kuolotsa miyala mozemba pa Mchinji kupita ku Chipata kungakutayitseni miyala ndi ufulu womwe.

Abale anga, ngati mwafika pokumba, musafukule mphanga yam'mbali pansi pa dothi lofewa, makamaka nyengo ya dzinja. Dothi la katondo likanyowa limagumuka osachenjeza, ndipo maenje otere akwirira kale anthu m'dziko muno. Munthu asalowe m'dzenje popanda mnzake pamwamba.

Wogula akabwera, mumufunse chiphaso chake, ndipo mtengo mukambirane mutagwira pepala la zotsatira za makina, pakuti coltan amagulidwa potengera kuchuluka kwa tantalum mkati mwake, osati pongoyang'ana thumba. Amene akukuuzani kuti muyambe mwamupatsa ndalama ya "mankhwala oyezera" kapena ya "kutsegulira msika" asanaone n'komwe manambala anu, mutsanzikeni mwaulemu, mwala wanu ubwerere m'chitini.